Zilembo Zisanu ndi Ziwiri

Loweruka, dzuwa litapendeka, pa Chinkhoma,
tinapanikizana m'kanyumba kometera ka Gelesomu,
anthu makumi atatu, benchi ya anthu asanu,
akabaza atasiya njinga zikutsamirana panja.
Makina ometera anazimitsidwa pakati pa mutu wa munthu,
mwini mutuyo osadandaula.

Pa kanema, nyali zoposa za msika wathu wonse,
mkulu wa suti yobiriwira akuseka ndi mano onse,
ndipo kumanja kwake, kuseri kwa katebulo kowala,
Talandira, mwana wanga,
atavala bulauzi yobwereka kwa mlamu wake.

Anayamba ndi manambala.
25, 8, 50 ndi 3, akuti pangani 247,
wotchi ikudya nthawi ngati chiswe.
Mnyamata wa ku Zomba, wa tayi, anali akulembabe
pamene wanga anadina belu.
Chulukitsani awiri oyambawo, wonkhetsani 50, chotsani 3.
Denga la malata linanjenjemera ndi nthungululu.
Ine sindinadabwe.
Ndi yemweyu, ali sitandade 4, makutu ali mbuu,
anaimirira pa sikelo ya venda wa soya
nanena kuti, akulu, mwabisa makilo awiri.

Kenaka mawu.
Apa ine ndi mlendo.
Dzina langa limakhala pa chala chachikulu chakumanja,
ndimasaina ndi inki ya buluu.
Gelesomu ankandiwerengera m'khutu:
F, A, C, I, A, H, G,
zilembo zomwazika ngati nkhuku zaona kabawi,
akuti zikusanitseni zibale liwu limodzi.

Wa tayi anakanda m'mutu.
Wanga anayang'ana, milomo inatseguka pang'ono,
nkhope ija ndimaidziwa, wadziwa yankho,
koma dzanja lili phee pambali pa belu.
Khumi. Zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi zitatu.
Dina, mwanawe, dina!

Phethi!
Magetsi anathima.

Mdima unatukwana ndi pakamwa makumi atatu.
Wina anathamangira jenereta, mulibe mafuta.
Ndipo kumbuyo uko, mawu a mayi wogulitsa mandasi:
Chigafa! Anthuni, ndi chigafa!
Tonse tinakuwira galasi lakufalo,
chigafa, chigafa,
ngati Lilongwe ili kuseri kwa njanji.

Ndinabwerera wapansi, wopanda yankho.
Njira yanga imadutsa pa esiteti ija
pomwe ndinakhala tenanti zaka khumi ndi zitatu.
Chilipobe, chapendekera kumodzi, udzu unawola.
M'menemo ndi momwe anaphunzira kuwerenga,
kuwerenga masamba, anayi anayi, tikusoka,
manja akuda ndi phula la fodya,
amake akutsokomola mpaka chaka chomwe analeka kutsokomola.
Bwana ankalemba ngongole m'kope lofiira,
chimanga, mchere, sopo, panado,
mwana ankasuzumira, nawerenga chozondoka.

Foni inalira ndili pa mlatho.
Ababa, munaona?
Ndinati magetsi, mwanawe.
Anati ndinaliona msanga liwulo, lisanathe n'kuikidwa,
koma fungo lake linandigwira pakhosi,
pakati pa nyali zonsezo ndinamva amayi akutsokomola.
Ndinalitchula itatsala sekondi imodzi.
Mkulu wa suti anafunsa kuti chimenecho n'chiyani kwenikweni,
anthu anaseka,
ine ndinati ndi kwathu.

Za ndalama ananena, sindinasunge chiwerengero,
akuti fizi ya chaka chamawa yakwana, ndi zotsalako.
Achule anali pa msonkhano wawo pansi pa mlatho.
Ndinaima pomwepo, foni yatentha pakhutu,
ndikuyang'ana chala changa chachikulu mu mdima.

Ndinati ukabwera pa holide
ugule kope, losakhala lofiira,
udzandiikire zilembo zija pa mzere,
chimodzi chimodzi, osathamanga,
popanda wotchi, popanda belu.
Ndinachimanga ndi manja anga kakhumi ndi katatu.
Ndikufuna ndione m'mene chimaonekera
chikagona pa pepala.