Kambande Nambala 412

M'nkhalango ya Darién, kutsidya kwa mtsinje wa Sambú,
Yariela amagwada Lachiwiri lililonse m'mawa,
lula wachitsulo m'manja, kabuku konyowa m'thumba.
Kambande kake kali ndi masamba asanu basi.
Chino n'chaka chachisanu ndi chinayi,
sikanafikebe pa bondo lake.

Pansi pano dzuwa silituluka, limachita kudontha.
Kadontho kake ngati kandalama kachitsulo
kamatera pa tsamba, kakhala pang'ono,
mphepo ikagwedeza nthambi kumwambako, kapita.
Kambandeko kamadya zomwezo,
nyenyeswa zotsala kwa akuluakulu.

Kenako mvula inazemba.
Januwale, Febuluwale, mpaka Meyi yemwe, kumwamba kuli ngwee.
Mitengo ya cuipo inavula masamba onse,
denga la nkhalango linabooka ngati dengu lakale,
kuwala n'kukhuthukira pansi popanda woletsa.
Taonani nkhanza yake:
chimene kambande kanapempha zaka zonsezi
chafika tsiku limene kukhosi kwauma.
Mbale yadzaza, madzi omezera palibe.

Anzake a masamba otambalala, ofewa ngati khutu la khanda,
aja anathamangira kukula pamene panagwa mtengo chaka chatha,
anayamba kuzyolika masana,
kenako ndi m'mawa momwe.
Yariela analemba mtanda pa manambala awo,
408, 409, 415,
mpaka pensulo inatha nsonga.

Koma ka 412 kanapinda masamba
n'kutseka timabowo take topumira
ngati munthu wosunga mawu pamaliro.
Pamwamba panalibe choyeza.
Ntchito yonse inali pansi, mumdima,
kumene muzu umodzi wowonda ngati ulusi
unkalondola fungo la chinyezi pakati pa miyala.

Mwana wake Ismelio anafunsa:
"Amayi, bwanji osangokathirira? M'botolomu muli madzi."
Iye analigwira botololo, naliyang'ana nthawi yaitali,
nalibwezera m'chikwama.
"Tikakathirira, kabukuka kanena bodza."
Usiku umenewo tulo sanatione.

Mvula inagwa Lachisanu, anyani akubangula m'mitengo,
nthaka ikumwa mochita kumveka.
Patatha milungu itatu denga linatsekekanso,
mdima wobiriwira unabwerera pamalo pake.
Yariela anagwada, nayeza, nayezanso:
msinkhu womwe uja.
Masamba anayi, limodzi linapita ndi chilala.
Koma pansonga penipeni
kanthu kofiirira, kochepa ngati njere ya mpunga,
kankatukula mutu.