Kanyerere ka Soinin

Mutu: theka la milimita, kuperewera pang'ono.
Ndayeza katatu, nditazimitsa fani,
poti kamphepo kake kangakaulutse.
Kunja Kota Kinabalu akuwotcha nsomba,
ine diso lamatirira pa maikulosikopu
kuwerenga mano a kanthu kochepa kuposa njere ya chitowe.

Asanu ndi awiri pa nsagwada iliyonse.
Lachitatu n'lalitali, lopindikira m'kati ngati mbedza.
Abale ake onse m'madirowa muno ali ndi asanu.
Ndinagona, ndinadzuka, ndinawerenganso.
Asanu ndi awiri ndithu.

Maso kalibe, timadontho chabe
pamene panayenera kukhala maso.
Cheya cha pamsana chonga timasupuni.
Mtundu ndalemba kuti wofiirira
pokhala pepala silingalole mawu akuti
tiyi wa dzulo wotsala m'kapu.

Sindinakapeze ndine.
Soinin ndiye anagwada m'phiri muja,
misundu itamukwera mpaka m'mawondo,
akusefa masamba owola pansi pa chipika
mvula ikumulowa m'khosi.
Matumba makumi anayi anatsika nawo pamsana.
M'thumba limodzi munatuluka zitatu,
antchito okhaokha.
Mfumukazi sitinaione, yamphongo sitikuidziwa,
chakudya chawo tingoganizira poona mano.

Lamulo likuti dzina likhale m'Chilatini,
imodzi ibayidwe pambali, ivale kapepala kofiira,
iyimire mtundu wake wonse
ngakhale sinafunsidwe.
Ndasankha imene miyendo yake ili yonse.
Guluu pang'ono pansonga ya kapepala,
mpweya ndaugwira.

Nditamuimbira kuti soinini, anaseka
mpaka foni kukhosomola.
Ati, ana anga atatu palibe wotenga dzina langa,
lero ndabereka wakhungu!
Kenaka chete.
Ati, paja tinakumba paja padutsa msewu.
Abzala migwalangwa ya mafuta, mizere mizere,
chipika chija anachikankha ndi thirakitala.

Kapepala ka pansi pa singano kakunenabe kuti
nkhalango yosadulidwa, mamita 940,
masamba onyowa, mwezi wa Novembala.
Sindikakonza.
Mmenemo ndi mmene zinalili tsiku limenelo.

Kwatsala kujambula mwendo wam'mbuyo.
Soinin akuti Loweruka akwera kuseri kwa phiri,
kuli khwawa lina limene makina sanalifike.
Wandifunsa ngati sefa ija ndinaisoka.