Tepi Imodzi Yokha

Kamera tinabwereka kwa Sipiliano, wojambula maukwati ku Matawale,
kakamera kochepa ngati theka la buledi,
batire lake lomangidwa ndi mphira.
Tepi inali imodzi.
Tinafufuta ukwati wa eni ake
kuti tijambule nkhungu ikutsika phiri,

mphindi khumi ndi zinayi, nkhungu yokhayokha.
Mwatitha anati usagwedeze dzanja, usapume.
Ndinapuma. Phiri linanjenjemera.

Kenaka mapazi pa mlatho wa Likangala,
nkhope ayi, mapazi basi:
zidendene zong'aluka, patapata wosokedwa ndi waya,
nsapato ya ku ofesi ikuzemba matope.

Kompyuta ya ku Chirunga inkatafuna zithunzizo usiku wonse
ngati nkhalamba yopanda mano.
Magetsi anathima tambala woyamba asanalire.
Tinayambiranso.

Tinakaionetsa ku Chinamwali, m'chisakasa cha vidiyo,
anthu odikira nkhonya atadzaza mabenchi.
Kamnyamata kanafunsa, ndewu iyamba liti?
Bambo wina anaitanitsa makwacha ake asanu.

Ndiye pakati pa nkhungu,
pomwe tepi inakana kufufutika,
mkwatibwi anangoti tulukiru, akuseka,
timabokosi tobiriwira tikumudya tsaya,
masekondi awiri,
nkhungu n'kumumezanso.

Chisakasa chonse zii.
Mayi wa zitumbuwa, ali chiimire pakhomo, anatula beseni.
Ameneyo ndi malemu mng'ono wanga, anatero. Bwezani.

Tinabweza tepi kasanu.
Iye anangoti, ena onsewo bwezaninso,
amayi analipo tsiku limenelo, anavina.
Mwatitha anayang'ana ine.
Ine ndinayang'ana nkhungu.