Ulusi wa Mlonda

Ikakwana teni koloko, abwana akazimitsa nyali ya pakhonde,
ndimatsamiritsa chibonga pachipata
n'kutulutsa kajumbo kanga.
Mulunguzi amakhala akulongolola yekha kumunsiku,
agalu a tsidya lija atatopa n'kuuwa,
ndipo mphepo ya Juni imatsika kuchokera Ku Chawe
ngati ili ndi ngongole yoti itolere m'mafupa mwanga.

Singano yanga si yogula.
Ndi sipoko ya njinga yomwe inandithyokera pa Mpondabwino.
Ndinaipala ndekha ndi tupa, masiku atatu,
mpaka kamlomo kake kanapindika ngati mbedza.
Ulusi nawo ndi wa pakaunjika:
juzi ya munthu wina wakutali, sindimudziwa,
yobooka pachigongono, wogulitsa anachita kundiponyera.
Ndimamasula Lamulungu masana.
Ulusi umatuluka wopotanapotana,
ukukumbukirabe thupi lomwe unkafunditsa.

Anandiphunzitsa ndi Abiti Ndembo a ku Chikanda,
chaka chija tinkadikirira odwala ku chipatala chachikulu,
iwo amuna awo, ine mkazi wanga Esinala.
"Manja akangokhala, mtima umadya mwini wake,"
anatero, osandiyang'ana n'komwe.
Lowetsa, kola, koka.
Lowetsa, kola, koka.
Awo anachira.
Ine ndinabwerera kunyumba ndi kansalu kamodzi
kokhota m'mbali, kosakwana n'kuvundikira kapu.

Anzanga a pabawo anaseka mpaka misozi.
"Iwe Namakhwa, ndevu zonsezi n'kumaluka?"
Ndinawafunsa: mono amaluka ndani?
Nanga ukonde wa ku Kachulu, nanga dengu, nanga nkhokwe?
Anati izo n'zina.
Chiperoni chitafika, Che Mpotola anabwera chamadzulo, mozemba,
akusisita dazi lawo.
"Kachipewa kaja, kakuda bwino, sikangatheke?"
Ndinawayeza mutu ndi chikhatho. Sindinaseke.

Tsopano ndili pa bulangete.
Mwana wanga Tiferanji ndi woyembekezera, akuti Okutobala.
Kotentha, ndikudziwa, musandiuze,
khandalo lidzafunda Juni winayo.
Zigamba makumi anayi, ndazilumikiza kale.
Zobiriwirazo ndi juzi ya mlendo ija.
Zofiira ndinamasula sikafu
yomwe wophunzira wina wa ku Chanko anaiwala pabenchi mvula itamupitikitsa.
Chachikasu chili pakaticho musachigwiregwire.
Ndi juzi ya Esinala, yomwe ankavala popita kumapemphero a mbandakucha.
Zinanditengera zaka zinayi
kuti ndilimbe mtima kudula mfundo yoyamba,
ndipo nditadula, inangomasuka yokha, mosavuta,
ngati inkandidikira.

Panopa ndikuzunguliza m'mphepete, ndipo pali mzere wina ndinalakwitsa.
Ndinasinza cha m'ma fili koloko, ndinadumpha malo atatu,
pali kabowo, chala chimalowa.
Abiti Ndembo akanati masula, yambiranso.
Ndakasiya dala.
Mwanayo adzadziwe kuti anamulukira ndi munthu
wolipidwa kuti asagone,
koma munthube.

Kukamacha nkhungu imatsetsereka phiri osapanga phokoso.
Amayi a nkhuni amadutsa akukwera, nkhata m'manja,
mmodzi amandikuwira, "Agogo, changa chija liti?"
Ndimati dikirani kaye, pali mzere.
Ndimakulunga zonse, singano ndimaibaya mumpira wa ulusi,
n'kubweza m'jumbo, pansi pa botolo la tiyi wozizira.
Zala zimakhala zitauma, khosi likuwawa.

Abwana akatuluka n'kufunsa,
"Usiku wayenda bwanji, a Namakhwa?"
ndimati, "Bwino, bwana, kunalibe kanthu."
Sindinena kuti usikuwo ndautalikitsa ndi mizere isanu ndi umodzi,
kuti uli m'jumbomu, wofunda,
ndipo ndikupita nawo kwathu ku Chinamwali.