Galimoto ya Mitima Iwiri

Tinafika ku Da Khuree dzuwa lisanatuluke,
utsi wa malasha udakagona pa Ulaanbaatar ngati bulangete lonyowa,
chisanu chikuluma mphuno, nsidze zitayera.
M'thumba la mkati mwa chikhoti changa
munali zaka zitatu za ntchito ya usiku kuchipinda cha amayi oyembekezera,
ndi ubweya wa mbuzi makumi anayi
umene Delgermaa, mng'ono wanga, anapesa yekha ku Arkhangai.

Tsogt ndiye anati tilawire.
"Ikamakwana naini amakhala atazitenthetsa kale,
ndipo yotentha iliyonse imalankhula bwino.
Ine ndimafuna kuimva ikudzuka."

Mizere ya galimoto, zoyera, zotuwa, zoyeranso,
zonse zochoka ku Japan, chiwongolero kumanja,
zonse za mitima iwiri:
wina umamwa petulo,
wina umagona kuseri kwa mpando wakumbuyo n'kumasunga magetsi.
Wachiwiriwo ndi umene umafa osatsanzika.

Yofiira inandikodola, ndisaname.
Penti ngati yochita kunyambita, mkati fungo la ndimu,
manambala akuti yangoyenda pang'ono.
Mwini wake, wa dzino lagolide, anati
inali ya nkhalamba ina ya ku Nagoya
yopita kumsika Loweruka lokha.
Tsogt sanayankhe. Anagwada pa ayezi
n'kuwalitsa tochi pa chopondera mabuleki:
labala itatha, chitsulo chili mbee.
Nkhalambayo iyenera kuti inali ndi phazi la njovu.
Analumikiza kachipangizo kake pansi pa chiwongolero,
foni inaonetsa timizere khumi ndi tinayi,
titatu titagwa ngati ana okomoka pamzere.
Chikomekome cha mkuyu.
Wa dzino lagolide anatitukwanira mu sikafu.

Yachiwiri anaichotsa chosefera utsi,
kunsi kuli chipsera cha wowotcherera.
Yachitatu inamwapo madzi osefukira,
matope anaumira m'njanji za mipando.
Yachinayi mtengo wake unali wa anthu ena.

Zala zinasiya kundimvera.
Ndinaganiza za basi ya sikisi koloko,
za Saruul wanga akutsokomola pa siteji,
chikwama chasukulu chikumulemera kuposa tulo.

Kumapeto, pafupi ndi mpanda, panaima yotuwa,
chitseko chakumbuyo chitapindika ngati chinagundidwa ndi ng'ombe.
Mayi Oyuntsetseg ankamwa tiyi wamchere wa mu fulasiki
ndipo sanadzuke n'komwe.
"Mtunda yayenda wautali, sindibisa.
Mapepala ndi awo. Chigonere sinalizidwe."

Ndinadina batani.
Zii.

Kenako injini inatsokomola kamodzi
n'kuyamba kupuma bwinobwino.
Mphindi imeneyo ndimaidziwa.
Ndimaidikira usiku uliwonse, khanda lili m'manja,
lisanalire.

Timizere tonse tinaima phewa ndi phewa.
Tsogt anasuzumira pa kafani koziziritsa batire,
anapezamo fumbi, ndi ubweya wa mphaka wa ku Japan,
basi.
Anapukuta manja pa buluku, osandiyang'ana,
ndipo kwa Tsogt kumeneko ndiye kuvomera.

Tinanenerera mpaka tiyi anazizira.
Mayiyo anachotsako ya matayala a nyengo yozizira,
ine ndinatsala ndi yogulira theka la thanki
ndi maswiti awiri.

Tsopano m'mawa uliwonse ndikadina batani
mawu a mkazi amatuluka pafupi ndi bondo langa,
Chijapanizi chofewa, chaulemu, chosamveka.
Tsogt akuti akudandaula za khadi lolipirira msewu
limene linatsala kwawo.
Saruul akuti ayi, akutipatsa moni,
ndipo amamuyankha, amamuuza ndi za mayeso a masamu.

Timatsetsereka phiri injini itazima,
magetsi okha akutikoka pakati pa mipanda ndi agalu.
Chitseko sindinakonze.
Pamalo oimika galimoto kuchipatala pali zotuwa makumi atatu,
ndipo yanga ndimaizindikirira pomwepo.