Pansi pa Phokoso

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikufukula mawu m'phokoso,
khutu litagunda sipika ngati dokotala pachifuwa,
kuno ku Kawale, m'kachipinda komwe mkazi wanga
amati n'ka makoswe ndi mawaya.
Eriyo yanga ndi waya wamkuwa
wochoka pathanki yamadzi kukathera mu mtengo wa mapeyala wa aneba,
ndipo lendi ya nthambiyo ndimalipira powakonzera ayironi.

Loweruka kunabwera Yankho, mwana wa mlongo wanga,
ndi laputopu yong'aluka pakona
ndi kachingwe kogula pa Tsoka, mtengo wochita kunenerera.
"Malume, lero wailesi yanu iphunzira kulemba."

Anayamba n'kukonza wotchi.
Akuti ukachedwa masekondi awiri okha
dziko lonse limakudutsa osakuona
ngati minibasi yodzaza pasiteji ya ku Biwi.
Ine, amene ndinachedwa pa ukwati wanga womwe,
ndinangoti phee.

Zingwe tinasokoneza.
Chotulutsa mawu tinachisomeka polowera,
wailesi n'kumangotiyang'ana.
Titakonza, ndinakweza mphamvu mpaka singano kunjenjemera,
iye n'kundigwira dzanja:
"Kuno sakuwa, malume. Amanong'ona."

Magetsi anathima cha m'ma eyiti, monga mwa mwambo.
Tinakoka batire ya galimoto yomwe inafa kalekale.

Ndiye pagalasi timizere tinayamba kutsika
ngati mvula pazenera,
kamzere kalikonse akuti ndi munthu.
M'sipika ine ndinkangomva mphepo
ndi kulira kopyapyala konga kwa udzudzu.
Masekondi khumi ndi asanu ako,
khumi ndi asanu a mnzako,
palibe kutsomphola mawu pakamwa pa wina.
Komiti ya kumpingo kwathu ikanabwera kudzaonera.

Chizindikiro changa, 7Q ndi tizilembo take, chinatuluka.
Kasanu.
Kakhumi.
Yankho anayasamula.
Kenaka mzere wofiira, mwee!
Wina, kutsidya kwa nyanja zomwe sindidzaziwoloka,
wandimva.
Manambala ake akuti ndili pansi pa phokoso,
pansi penipeni,
komabe ndilipo.
Sanafunse ngati mvula yagwa kuno.
Sanatchule dzina.
Anangolemba 73, kutsanzika kwa manambala, n'kupita,
ine mawondo akugundana ngati mnyamata wokafunsira.

Lamulungu masana tinayesa za mawu.
A Mphwanthe, mnzanga wa ku Area 25,
amene mawu awo ndawazolowera ali ndi mchenga,
anamveka oyera ngati aima pakhomo
mpaka ndinacheuka kuti ndiwapatse mpando.
Ali mkati mofotokoza za bondo lawo
mawu anathyokathyoka,
anabwebweta ngati munthu wolankhulira m'chidebe cha madzi,
kenaka zii.

Pa wailesi yakale munthu amachoka pang'onopang'ono
ngati mlendo amene wamuperekeza,
umamuonabe msana mpaka akhote pagolosale.
Iyi siperekeza.
Munthu alipo, munthu palibe.
Ndinamuuza Yankho kuti zimenezi sindinazikonde.
Anati muzolowera.
Sindinamuyankhe.

Wabwerera kusukulu Lolemba.
Wandisiyira pepala lomata pakhoma ndi selotepi:
yambani wotchi, kenaka chingwe chakuda,
musakweze mphamvu,
ndipo mawu akuti musakweze wawadula mzere kawiri.

Tsopano usiku, agalu a ku Mchesi akayamba kuyankhana,
ndimayatsa ndekha, chala chikutsata pepala.
Sipika ndimaisiya yotsegula pang'ono
ngakhale kompyuta imamva yokha.
Mkazi wanga amafunsa kuchokera kuchipinda
kuti mphepoyo ndikuimveranji.

Ndimati palibe.
Koma ndimakhala ndikuwerenga zaka khumi ndi zinayi zija,
usiku uliwonse umene ndinapotokola chitsulo uku ndi uku,
n'kunena kuti lero kulibe munthu,
n'kuzimitsa, n'kukagona.
Kaya anali angati
amene ankaitana chapansipansi pamenepo,
ine khutu lili pomwepo.