Sikelo

Masana ndimayeza masamba a tiyi pa esiteti,
usiku ndimayeza mawu m'kope lakale la mwana wanga.

Nkhani yanga ili ndi anthu awiri okha,
Falesi ndi mwamuna wake Mukhova,
tsiku limene bamboyo akunyamuka ulendo wa ku Joni.
Poyamba ndinawalekerera pakamwa.
Analongolola masamba asanu ndi anayi osapuma
ngati oitanira minibasi pa Chitakale.
Mlongo wanga atawerenga anati,
"Achimwene, anthuwa ndawamva.
Koma aima pati? Kunja kuli dzuwa kapena mvula?"

Ndinapsa mtima. Ndinawatseka pakamwa onse awiri.
Ndinalemba phiri, chiperoni chikutsetserekera ku Likhubula,
fungo la nanazi wakupsa m'mbali mwa msewu,
minda ya tiyi yometedwa ngati mitu ya ana a sukulu.
Masamba khumi ndi limodzi!
Falesi anangoima pakhomo, chikwama m'manja,
kudikira kuti ine ndimalize kusirira mitambo.
Mlongo wanga anasinza pa tsamba lachinayi.

Lolemba m'mawa, kukuwaza,
anafika mayi Namathanga, dengu kumsana.
Anatula. Muvi wa sikelo unanjenjemera
n'kuima pa makilogalamu khumi ndi anayi.
Zala zawo zinali bii ndi utomoni,
zong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo,
chitenje chonyowa mpaka m'chiuno.
Sanayang'ane ine. Anayang'ana muviwo.
"Basi?" anatero.
Ndinati, "Basi."
Anasenza dengu lopanda kanthu n'kubwerera m'mizere.

Cholembera chinandipulumuka m'manja.
Liwu limodzi lokha,
koma likanalemera chonchi popanda zala zija?
Nanga zalazo, liwulo likanapanda kutuluka,
si bwenzi zili zala chabe, ngati za wina aliyense?

Usiku uno ndang'amba masamba khumi, asanu ndi awiri.
Phiri ndalisiyira mzere umodzi, lizionekera pawindo.
Falesi akupinda malaya a Mukhova, akutha mukolala aja,
akuwapindanso ngakhale anapinda kale.
"Shuga ndaika m'thumba la m'mbalimu," akutero.
Mukhova sakuyankha.
Wawerama, akulimbana ndi chingwe cha nsapato.

Kaya zakwana, kaya zaperewera,
sikelo ya mawu ilibe muvi.
Mawa ndimupatsanso mlongo wanga kopeli,
ine ndikhale pambali phee,
ndizimuyang'ana zikope.